Mukatsika pa siteji muzibwerera kwanu muli inu nomwe: malangizo kwa azisudzo amene ayamba kudziwika

Tsiku lina ndili pa msika ndikusankha tomato, mayi wogulitsayo anandiyang'anitsitsa kenako anandilanda mbale mmanja nkunena kuti "bambo inu sindikugulitsani, kaguleni kwina, mwamuzunza mokwana mkazi uja." Ine ndimayesa macheza, koma ayi ndithu nkhope inali itakwinyika, anzawo a mabenchi oyandikana nawo anayamba kuthira ndemanga, wina mpaka anati anthu ngati inu Mulungu adzakuonani. Nthawi imeneyo ndinkasewera ngati bambo wankhanza mu sewero lina la pa TV. Ndinabwerera kunyumba opanda tomato, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Sikuti chondivuta chinali mayi aja ayi. Ndinakumbukira kuti sabata yomweyo ndinali nditamukalipira mwana wanga ndi mawu enieni a mu script, kaimidwe komwe kaja, chala chili mmwamba chimodzimodzi, mwana mpaka anakabisala kuseli kwa chitseko.

Nde ndikulemba izi kwa inu amene mwayamba kuimitsidwa pa msewu kuti tijambulitse nawo, amene ma director ayamba kukuimbirani okha. Za momwe mungaloweze mawu kapena kuima pa kamera ena anakuphunzitsani kale. Ine ndikufuna tikambe za momwe mungadzisungire inu eni ake ntchitoyi ikayamba kuyenda, chifukwa pamene ikuyenda bwino mpamene imameza munthu.

Sitepe yoyamba: gwiritsitsani dzina lanu

Kuno kwathu dzina la mu sewero limakula kuposa la pa chitupa. Anthu ambiri amadziwa Izeki ndi Jakobo koma muwafunse za John Nyanga ndi Eric Mabedi ena ayamba kaye akanda mmutu. A Michael Usi analumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti mu June 2024 koma mma minibasi anthu ankangoti Manganya, ndipo a Bon Kalindo anakalowa ku nyumba ya malamulo mu 2014 dzina la Winiko likuwatsatirabe. Palibe cholakwika pamenepa, ndi umboni woti anthuwa ntchito anaigwira mpaka inakhazikika mmitima mwa anthu. Vuto limabwera pamene inuyo mwayamba kuiwala kuti wina ndi ndani wina ndi ndani.

Chitani izi lero lomwe. Tengani kope, jambulani mzere pakati pa tsamba. Mbali ina lembani za munthu wa mu sewero uja, mmene amayankhulira, chimene chimamupsetsa mtima, mmene amaonera akazi kapena amuna, mmene amaonera ndalama. Mbali inayo lembani za inu, kwanu nkuti, mfunda wanu, mumapemphera kuti, chimene simungachite ngakhale atakulonjezani ndalama zingati, anthu atatu amene mumawaopa kuwakhumudwitsa. Ndiye muone pomwe mbali ziwirizi zikufanana ndi pomwe zikusiyana. Tsambali musalitaye, muzibwererapo pakatha miyezi itatu iliyonse. Mukadzaona kuti zinthu za mbali yoyamba ija zayamba kusamukira mbali yanu, mwina kayankhulidwe konyoza kapena kamowa kamene kanali ka mu sewero chabe, dziwani kuti yafika nthawi yokhala pansi.

Ndipo mukaitanidwa pa wailesi kapena pa mwambo, yambani ndi dzina lanu lenileni kenako la mu sewero. Pa poster auzeni alembe onse awiri. Zimaoneka zazing'ono koma pakatha zaka zisanu mudzaona kusiyana kwake.

Sitepe yachiwiri: phunzirani kutuluka mu gawo, osati kulowa kokha

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ine ndinagwera. Ma rehearsal athu onse amaphunzitsa kulowa. Director amakuuza kuti ndikufuna misozi yeniyeni, kumbukira tsiku limene mayi ako anamwalira, ndipo iwe umakumbukiradi, misozi nkutuluka, anthu nkuwomba mmanja, kenako aliyense nkuthamangira kukakwera kabaza. Palibe amene amakufunsa kuti maliro a mayi ako amene wawadzutsa aja uwagoneka bwanji.

Njira yokumba zowawa zako kuti ulire nazo pa sitejiyi si yachilendo, inatchuka ndi Konstantin Stanislavski wa ku Russia, amene anayambitsa nawo Moscow Art Theatre mu 1898. Koma mwini wakeyo chakumapeto kwa moyo wake, anamwalira mu 1938, anali atatsamira kwambiri pa zochita za thupi, kuti yamba ndi chimene munthu wa mu seweroyo akuchita ndi manja ake, miyendo yake, mpweya wake, zomva mumtima zibwera pambuyo. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi chifukwa siikusiya ndi bala. Ukafuna kuonetsa mayi woferedwa, yamba ndi mmene akupindira malaya a mwana wake pang'onopang'ono, kuwanunkhiza, kuwaika pa chifuwa, mpweya ukudukaduka. Misozi imabwera yokha ndipo imakhala ya mayi wa mu seweroyo, osati ya maliro a kwanu.

Tsono sewero likatha, kapena director akangoti cut komaliza, chitani zinthu izi motsatana ndipo muzichita nthawi zonse mpaka thupi lizolowere.

Vulani costume pomwepo. Osapita nayo kunyumba muli chivalire, ngakhale itakhala jekete yanu yomwe munabwera nayo kuchokera kwanu, ilowe mu jumbo. Ine ndinafika pogula nsapato za pa kaunjika zoti ndizivala mu sewero basi, ndipo ndikamamasula zingwe zake ndimadziuza kuti bambo uja watsala mu nsapatomu. Kenako sambani kumaso ndi madzi ozizira, chotsani make up yense, dziyang'aneni pa galasi mutchule dzina lanu mokweza, dzina la kwanu lija limene agogo anu amakuitanani nalo. Gwedezani manja, mapewa, miyendo kwa mphindi ziwiri ngati mukusasa fumbi, chifukwa mkwiyo wa mu sewero umatsalira mmapewa ndi mu nsagwada, ukagwira nsagwada zako pambuyo pa scene ya ndewu upeza zili gwa. Pumani mokoka mpweya ndi mphuno, nkumautulutsa pang'onopang'ono nthawi yotalikirapo kuposa yomwe munaukokera, kasanu kapena kakhumi, mtima umatsika.

Chomaliza ndi chimene ambiri amachita nacho manyazi. Pitani kwa mnzanu amene mumamumenya kapena kumutukwana mu scene ija, mugwirane chanza, mumutchule dzina lake lenileni nkumufunsa kuti muli bwino achemwali, sindinakupwetekeni? Ndinaphunzira izi mochedwa. Mtsikana amene ankasewera ngati mkazi wanga anadzandiuza patapita nthawi kuti ankati akamva mawu anga pa corridor mmimba mwake munkatentha, chifukwa kwawo anakulira mnyumba ya nkhanza ngati yomweyo ndipo palibe anamufunsapo. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti scene ya nkhanza tiziyamba tayeseza pang'onopang'ono ngati gule, dzanja lifika apa, iwe ugwera uku, ndipo tinasankha liwu limodzi loti wina akalitchula zonse ziime. Mbama yeniyeni pa siteji si luso ayi, ndi ulesi wa director.

Zonsezi sizidutsa mphindi khumi ndi zisanu. Mukafika kunyumba musayambe ndi kufotokoza za sewero, yambani ndi za pakhomo, funsani homuweki ya ana, thirirani ndiwo za kudimba, chilichonse chimene munthu wa mu sewero uja sangachite.

Sitepe yachitatu: yambani kukana

Poyamba paja timavomera chilichonse, ngakhale gawo la mlonda wongotsegula geti, ndipo nzoyenera. Koma mukayamba kudziwika muyenera kuyamba kusankha, apo ayi mudzasewera munthu mmodzi yemweyo moyo wanu wonse. Mukaseketsa kamodzi ngati chidakwa aliyense adzakuitanirani uchidakwa. Nde pa magawo atatu amene mwavomera, limodzi lizikhala losiyana kwambiri ndi limene anthu anakuzolowerani nalo, ngakhale ndalama yake ikhale yochepa, ngakhale likhale la pa siteji ya kusukulu.

Musanavomere werengani script yonse osati masamba anu okha, ndipo dzifunseni ngati mungathe kuonera seweroli mutakhala pa mkeka umodzi ndi apongozi anu kapena ana anu. Sindikuti muzikana magawo a anthu oipa, sewero lopanda munthu woipa ndi ulaliki. Ndikunena za zinthu ngati kuvula, kunyoza mtundu wa anthu ena, kuseka anthu olumala kapena achialubino kuti anthu aseke. Zoterezi mukazijambula sizifufutika, zidzazungulira pa WhatsApp mpaka ana anu adzakule.

Za ndale muganize kawiri. Nthawi ya kampeni ndalama imabwera yambiri ndiponso mwachangu, koma mukakwera pa nsanja ya chipani mutavala zovala za munthu wa mu sewero uja, mwamugulitsa munthuyo, ndipo theka la anthu amene ankamukonda achoka. Ngati mukufuna ndale lowani ndi dzina lanu, ndi ufulu wanu.

Ndipo kwa achemwali anga makamaka, ngakhale anyamatanso zimawachitikira. Audition ya ku lodge usiku, muli awiriwiri, si audition. Pitani ndi mnzanu, uzani wina komwe muli, sungani ma message onse. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pofuna zachiwerewere, ndipo ku polisi kuli a Victim Support Unit. Gawo limene mtengo wake ndi thupi lanu lisiyeni lipite.

Sitepe yachinayi: ndalama

Palibe chimene chimadwalitsa wazisudzo ngati kutchuka uli wopanda kanthu mthumba. Aliyense akukudziwa, kondakitala akukuti bwana, achibale kumudzi akuti mwana wathu ali pa TV atumize ya feteleza, pamene iwe lendi ya mwezi watha sunalipire ndipo ukuchita manyazi kukwera minibasi nde ukungowononga pa taxi ndalama yomwe ulibe. Ndinajambulapo sewero miyezi iwiri yathunthu pa mawu apakamwa okha akuti tikagulitsa tigawana, mpaka lero sindinaone ngakhale tambala, koma seweroli linaonetsedwa kangapo konse.

Choncho musayambe ntchito popanda pepala. Silifunika kukhala la maloya, tsamba limodzi likwana, bola pakhale izi: ndalama zingati, zilipidwa liti, masiku angati ojambula, thiransipoti ndi chakudya ndi za ndani, ndiponso seweroli likaonetsedwa kuti, pa TV pokha kapena pa YouTube pomwe, kwa nthawi yaitali bwanji. Pemphani theka musanayambe. Ngati ndi advert funsitsani za nkhope yanu, chifukwa mutha kulipidwa ya tsiku limodzi koma nkhope nkukhala pa billboard zaka zitatu ndipo kampani ina yopikisana nayo singakutengeninso. Wina akakwiya chifukwa mwapempha kontrakiti, ameneyo analibe maganizo okulipirani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pitaninso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso lomwe lakhalapo kuyambira 1992, mukalembetse ntchito zanu ngati mumalembanso masewero, ndipo mukafunse za ufulu wanu ngati wosewera pansi pa Copyright Act ya 2016. Lowaninso mmabungwe a anzanu, National Theatre Association of Malawi kapena Film Association of Malawi, kumeneko nkumene mumamva kuti anzanu akulipiritsa zingati, musamangotchula mtengo mwa mantha.

Ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba igaweni tsiku lomwelo isanagone. Ine ndimachita chonchi, gawo lina lendi ndi chakudya cha miyezi iwiri kutsogolo, lina ku banki mkhonde komwe sindingalitenge msanga, lina la achibale ndipo likatha latha, ndimanena mosabisa kuti mwezi uno ndilibe. Ntchito yathuyi imabwera ngati mvula, mwezi wina ma show atatu, kenako miyezi inayi zii. Mukhale ndi china chogwira, kaya ndi nkhuku, kaya ndi u MC wa maukwati, kaya kuika mawu mma advert a pa wailesi, kaya kuphunzitsa drama ku sekondale. Munthu amene ali ndi pogwira pena amatha kukana gawo loipa, amene alibe amavomera zilizonse.

Sitepe yachisanu: thupi ndi mawu ndiye khasu lanu

Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre nkutionetsa kuti zisudzo itha kukhala ntchito yodyerapo, anatisiya mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira anapita mu 2006, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Ndikawakumbukira anthu amenewa ndimangoona kuti aluso athu timawataya tikuwafunabe, nde ife otsalafe tisamachite masewera ndi thupi.

Kayezetseni BP ndi shuga ngakhale kamodzi pa chaka musanadwale, dziwani mmene mthupi mwanu mulili pa nkhani ya HIV, ndipo ngati muli pa mankhwala aliwonse muziyenda nawo mchikwama pa ma tour, osadalira kuti tibwerako mawa chifukwa galimoto imafera pa njira. Gonani maola asanu ndi awiri kapena kuposa pamene mungathe, mawu a mu script amakhazikika mmutu munthu akagona osati akachezera.

Mawu anu muziwatenthetsa musanakwere pa siteji, mphindi khumi zokha. Yambani ndi kung'ung'udza chotseka pakamwa, kenako kunjenjemeretsa milomo ngati mwana akuyeseza galimoto, kukwera ndi kutsika, kenako kutchula mawu ovuta a mu script pang'onopang'ono. Mu holo yopanda maikolofoni mphamvu izichokera mmimba osati pakhosi, ikani dzanja pa mchombo muone ngati pakutukuka mukamakoka mpweya. Imwani madzi tsiku lonse osati pa nthawi ya show pokha. Mawu akasasa musanong'one, kunong'ona kumatopetsa pakhosi kuposa kuyankhula motsitsa, ingokhalani chete. Akakhala osasa kupitirira masabata atatu pitani kuchipatala akakuoneni pakhosi.

Za mowa ndinena mosapsatira. Mukatchuka mowa umakhala waulere, bala iliyonse pali wina wofuna kukugulirani kuti ajambulitse nanu. Ndipo pambuyo pa show thupi limakhala lili pamwamba, tulo kulibe, nde botolo limaoneka ngati ndiye njira yotsikira. Kenako limasanduka njira yokwerera, kamodzi kokha kochotsa mantha musanalowe. Mukangofika poti simungakwere pa siteji musanamwe, musadikire kuti wina akuuzeni, funani thandizo. Njira yotsikira ndi ija ndafotokoza mu sitepe yachiwiri, kuphatikizapo chakudya chotentha ndi kusamba.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: foni

Ma comment a pa Facebook musawawerenge usiku, ndipo musawawerenge tsiku limene sewero latuluka. Anthu zana akhoza kukuyamikirani koma mudzagona ndi mawu a mmodzi amene wanena za mphuno yanu. Musayankhe muli okwiya, screenshot siichedwa. Khalani ndi nambala ziwiri, ya ntchito ndi ya kunyumba, ya ntchitoyo izithimitsidwa nthawi ya chakudya chamadzulo. Ana anu, geti ya nyumba yanu, sukulu imene amaphunzira, izi zisamaoneke pa tsamba lanu. Wina akafika pokuopsezani kapena kufalitsa zithunzi zanu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, sungani umboni mukadandaule.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: sungani anthu amene sakuombera mmanja

Mukufunika anthu awiri kapena atatu amene anakudziwani musanatchuke, amene angakuuzeni kuti aise wayamba kudzimva, kapena kuti show ya lero sinali bwino. Anzanu atsopano obwera ndi kutchuka ambiri amachoka nako. Kumaliro a kwanu pitani ngati mwana wa pamudzi, kumbani nawo manda, phikani nawo kuseli, musakakhale pa mpando wa alendo olemekezeka. Ku tchalitchi kapena ku mzikiti khalani pomwe mumakhala kale. Ndipo amene muli pa banja, mkazi kapena mwamuna wanu amve kuchokera kwa inu za scene yachikondi isanatuluke, asakaione koyamba pa foni ya aneba. Muuzeni mujambula liti, ndi ndani, mpaka pati. Mabanja ambiri a azisudzo amagwedezeka chifukwa cha kubisa, osati chifukwa cha scene.

Sitepe yachisanu ndi chitatu: bwererani mkalasi

Kutchuka kumanamiza munthu kuti wafika. Umayamba kubwera mochedwa ku rehearsal, script osaloweza poti ndingopanga improvise anthu aseka basi, ndipo amasekadi kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kenako amatopa.

Taonani Chiwetel Ejiofor, wosewera mafilimu wa ku Britain, munthu woti anapikisana nawo pa mphoto ya Oscar mu 2014, atabwera kudzajambula filimu ya nkhani ya William Kamkwamba ku Wimbe ku Kasungu, yomwe inatuluka mu 2019, anakhala pansi nkuphunzira kuyankhula Chichewa kuti asewere ngati bambo wa pamudzi. Katchulidwe kake ife eni chiyankhulo tinakamva kuti nkachilendo, koma mtima wovomera kukhalanso wophunzira pa msinkhu umenewo ndi umene ndikuufuna kwa inu. Kwathu konkuno Joyce Mhango Chavula sanakhutire ndi kusewera kokha, anaphunzira kulemba ndi kutsogolera mafilimu mpaka anakatenga mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice ku Nigeria mu 2016.

Nde chaka chilichonse sankhani chinthu chimodzi chatsopano. Ngati munazolowera siteji phunzirani kamera, chifukwa kamera imafuna zochepa, nsidze imodzi ikwana pomwe pa siteji mukanatambasula manja onse. Ngati munazolowera TV yesani sewero la pa wailesi pomwe nkhope siikuthandizani, zonse zili mmawu ndi mpweya. Phunzirani Chitumbuka kapena Chiyao chomveka bwino, osati chongoseketsa nacho anthu. Kaonereni masewero a anzanu mutalipira pakhomo, a Nanzikambe, a Solomonic Peacocks, a Kwathu, a ana a ku Chanco ku Zomba, ngakhale mipikisano ya zisudzo ya ATEM ya ana a sekondale komwe Du Chisiza yemwe anayambira kuonekera. Khalani pa depoti ola limodzi opanda foni mmanja, muone mmene gogo amamasulira mfundo ya pa chitenje kuti atulutse ndalama, mmene amaiwerengera kawiri asanaipereke, mmene amamangiranso. Zimenezo palibe sukulu ingakuphunzitseni. Ndipo tengani mwana mmodzi wongoyamba kumene muzimuphunzitsa, pomufotokozera mpamene mumazindikira zomwe inu mwayamba kuiwala.

Sitepe yomaliza: konzekerani nthawi imene foni idzasiye kulira

Idzafika, kwa aliyense imafika. Sewero limatha, sponsor amachoka, pamabwera nkhope zatsopano. Kwa ine inakhala pafupifupi chaka, ndipo chimene chinandiwawa sichinali njala yokha koma kudzuka mmawa osadziwa kuti ndine ndani ngati palibe amene akundionera. Ndinkatseka makatani masana, foni ya mlongo wanga osayankha, anthu pa msewu akandiitana ndi dzina la mu sewero ndinkamwetulira koma mkati muli mbuu.

Mukhale ndi ndondomeko ya tsiku ngakhale kulibe ntchito. Dzukani nthawi yomweyomweyo, yendani wapansi theka la ola, tenthetsani mawu ngati kuli show, werengani kapena lembani tsamba limodzi, kenako kagwireni ntchito yanu ina ija. Itanani anzanu awiri muziwerenga script pakhonde kamodzi pa sabata ngakhale palibe wolipira.

Koma muzisiyanitsa kukhumudwa wamba ndi matenda. Ngati padutsa masabata awiri mukungomva kulemedwa tsiku lililonse, zomwe munkakonda sizikukomaninso, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, mukudziona ngati wopanda ntchito, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo otchedwa depression ndipo amachizika. Azisudzo timadziwa kubisa kuposa wina aliyense, ndi ntchito yathu kumene, makamaka inu oseketsa anthu amene aliyense amayembekezera kuti muzikhala osangalala nthawi zonse. Uzani munthu mmodzi zoona zake. Pitani pa chipatala cha boma cha mboma lanu mukafunse wa zamaganizo, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku Zomba Mental Hospital, kumeneko sikopita amisala okha monga timanenera, kuli anthu ophunzira kumvetsera ndi kuthandiza. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musagone nawo nokha usiku umenewo, imbirani mbale wanu abwere kapena pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Ine amene ananditulutsa mnyumba ndi mlongo wanga uja. Atatopa ndi kuimba anangokwera basi nkubwera, anatsegula makatani, anandiphikira nsima ya usipa, ndipo mmawa mwake anandiperekeza kuchipatala nkukhala nane pa benchi mpaka dzina langa linaitanidwa. Ndinapitako kasanu ndi kamodzi kukacheza ndi mlangizi. Ntchito yoyamba imene ndinaipeza pambuyo pake inali yophunzitsa drama ana a fomu 2 Lachitatu lililonse masana, ndipo tsiku loyamba ndisanawaphunzitse kulowa pa siteji ndinawauza avule nsapato za mu sewero, aime mozungulira, aliyense atchule dzina lake ndi la kwawo.